Botolo la Asewere

Kwa Kabudula kuno, mukafuna kudziwa mmene mafuta ophikira ayendera kuchokera kale, musavutike kukafunsa ku boma. Pitani kwa a Zelifa, akazi awo a Elifasi, nyumba ya malata ofiira kuseri kwa mjigo. Mayi amenewa zaka amawerenga ndi mafuta. Mwana wawo woyamba, Mirriam, amati ndi wa nthawi ya mafuta a m'chitini. Mzime, Rodwell, ndi wa chaka chomwe pamsika panayamba timachubu ta mafuta.

A Zelifa anakula osawadziwa mafuta. Kwa mayi awo chilichonse chinali chotendera: nkhwani, chisoso, mfutso, ngakhale nyama yowamba. Mafuta anawaona koyamba ku sukulu ya amayi ya ku mpingo, mphunzitsi akukazinga anyezi, ndipo fungo lija linawalowa m'mutu osatulukamonso. Kuyambira tsiku limenelo anagamula okha kuti nsinjiro ndi za anthu a pakhomo, mafuta ndi a alendo.

Muyezo wawo unali kachitsekerero ka botolo. Mlendo wamba ankalandira theka, mkulu wa mpingo kamodzi, abusa kawiri. Munthu ankadziwa ulemu wake powerenga timaso ta mafuta pamsuzi. A Elifasi, poti ndi eni khomo, ankangomva fungo ali pakhonde. Zaka makumi anayi bambowa akumva fungo, osadandaula.

Chaka china pa Khirisimasi, Mirriam anabwera kuchokera ku Joni ndi botolo la malita awiri, pamimba pake atajambulapo chimanga chachikasu. Atawauza mayi ake kuti ndi mafuta a chimanga, a Zelifa anakhala pansi. Chimanga analima moyo wawo wonse. Anachikonola, anachinyika, anachikazinga, zitsononkho anasonkhezera moto. Nanga mafutawo ankabisala pati? Anatenga njere m'nkhokwe, kuiphwanya ndi mwala, kuifinyira pansalu, osatuluka kanthu. Mirriam anafotokoza kuti mafuta amakhala m'kamtima ka njere, kamene kamapita ku gaga pokonola. A Zelifa anayang'ana ku khola la nkhumba nthawi yaitali. Tsiku limenelo nkhumba zinadya mochedwa, poti mayiwa anali atazindikira kuti zaka zonsezi zakhala zikudya ngati abusa.

Botolo lija sanalitsekule. Analimanga kansalu koluka kukhosi, n'kuliika m'kabati ya galasi pakati pa makapu a alendo. Analengeza kuti amenewa ndi mafuta a asewere, adzatsekulidwa tsiku lomwe mayi a mkazi wa Rodwell adzaponde pakhomo. Abusa anabwera katatu, botolo anangoliona pagalasi.

Vuto linali Rodwell. Mnyamatayo anatha zaka zisanu akuyendetsa njinga yamoto osapeza mbeta. M'zaka zimenezo mafuta anakwera mtengo mpaka timachubu ta pamsika tinaonda ngati chala cha khanda. Amayi omwe ankanyoza nsinjiro anabwerera ku mtondo mwakachetechete. Ena anayamba kulima mpendadzuwa n'kumakayengetsa ku makina ku Nsaru, ndipo a Elifasi nawo anadzala mizere ingapo m'mbali mwa munda. Botolo lili chiimire, likuyang'ana zonsezi.

Kenako Rodwell anapeza Tionge wa ku Namitete. Chinkhoswe chitatha, uthenga unafika kuti mayi ake a Tionge, a Lines, abwera Loweruka kudzaona mudzi. A Zelifa sanasunge pakamwa. Anauza amayi onse a Chigwirizano kuti asewere awo adya nkhuku ya mafuta a chimanga, zimene mudzi uno sunalawepo. Chimene sanachiganizire n'chakuti a Lines agulitsa mafuta pamsika wa Namitete zaka makumi awiri. Mayi amenewo mphuno yawo imadziwa mafuta botolo lisanatsekulidwe.

Loweruka lija a Elifasi anadzuka osakhazikika. Anati mwina alendo ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, bwanji nkhuku ingowiritsidwa. Atakanidwa anati ku dimba kwalowa mbuzi. A Zelifa anawauza kuti mbuzi zidye, iwo akhale pampando.

Masana, nkhuku itaduladulidwa, a Zelifa anaitanira asewere awo m'khitchini kuti aone okha botolo likutsekulidwa. Panja amayi asanu anali atabwera kudzabwereka sefa imodzi. A Zelifa anamasula kansalu, kupotokola chitsekerero, ndipo chinatseguka mofewa, osathetheka ngati chatsopano. A Lines analandira botolo ndi manja awiri, kulinunkhiza, kudonthezera pachala n'kulawa. Anayang'ana kukhomo, kenako anayandikira khutu la a Zelifa.

"Asewere, uyu ndi mpendadzuwa. Woyengedwa chaka chino, miyezi itatu sinakwane."

Amayi a sefa aja anali akusuzumira kale. A Zelifa anapempha asewere kuti aonere moto pang'ono, n'kutuluka akumwetulira ndi mano okha, kukawakodola a Elifasi kuseri kwa nkhokwe.

Bambowa sanakane. Anawakumbutsa chaka chija a Zelifa anatuluka m'chipatala atatha ngati bango, akukana phala, akukana chilichonse. Mafuta nthawi imeneyo anali osagwirika. Ndiye panali mazira okazinga ndi tomato omwe a Elifasi ankawabweretsera m'mawa uliwonse, milungu itatu, mpaka mayiwa anayamba kudzuka okha n'kuyambanso kulongolola. A Zelifa ankawakumbukira bwino mazirawo. Mpaka lero amati sanadyepo ena okoma chotero, koma sanafunsepo kuti mwamuna wosadziwa kuphika anawakazinga ndi chiyani.

"Mafuta aja munadya nokha, mayi a Mirriam," anatero a Elifasi. "Ine ndinangonyambita supuni."

Nanga otsalawo? Apa bambowa anakanda m'mutu. Anati botolo lotsekula silikhalitsa, ndiye otsalawo anawathandiza pang'onopang'ono ku dimba, n'kuthiramo a m'timachubu kuti galasi lisaulule. Kuyambira pomwe anayamba kulima mpendadzuwa, akakolola amakayengetsa ku Nsaru, kusintha a m'botolo, akalewo n'kuwathandizanso. Kansalu ankakamanga mfundo yomweyo, poti anaiphunzira bwino.

A Zelifa sanakalipe. Anangowauza kuti apukute thukuta, akuchititsa manyazi pamaso pa alendo.

Atabwerera m'khitchini anapeza a Lines atathira kale mafuta mumphika, osayeza n'komwe, anyezi akulira. A Zelifa anawanong'oneza zonse. A Lines anaseka mpaka kugwira khoma. Anati mafuta a zaka zisanu akanathamangitsa ndi agalu omwe, ndiye bambowo athokozedwe. Anawonjezera kuti ngati Rodwell anatengera bambo ake, Tionge akadzadwala sadzafa ndi njala.

Amayi a sefa aja sanachoke mpaka alendo atasamba m'manja. Mmodzi analimba mtima n'kufunsa mmene mafuta a chimanga akomera. A Lines anapukuta pakamwa mwaulemu, osaphethira.

"Amayi, ngati mondokwa wa February. Mukamameza mumachita kumva munda."

Aliyense anapatsidwa kachidutswa koti alawe, ndipo onse asanu anavomereza kuti chimangacho chikumveka ndithu. Wina anati wamva ndi ngayaye zomwe.

Za kuseri kwa nkhokwe zija a Zelifa amakhulupirira kuti sizinamveke, ndipo mudzi wonse unagwirizana kuti apitirize kukhulupirira choncho. Mpanda wa pamenepo ndi wa udzu.

Botolo linabwerera m'kabati, kansalu kali kukhosi, koma masiku ano limatsekulidwa Lamulungu lililonse. Muyezo sunasinthe: mlendo wamba theka, mkulu wa mpingo kamodzi, abusa kawiri. Chasintha n'chakuti a Elifasi nawo amalandira kawiri, ndipo a Zelifa akamathira amayang'ana kumbali, ngati dzanja langolakwitsa.