Chitedze pa Mkeka wa a Piya

Ndikukumbukira bwino lomwe, ndipo sindibisa: chitedze chija ndinathira ndine, kawiri konse. Koyamba ndinalakwira munthu wosalakwa. Kachiwiri ndinalasa penipeni, ndipo mpaka lero ndikakumbuka, mtima wanga umakhala m'malo.

Ndinali mnyamata wa pasukulu ya mishoni ku Nsanje, nkhondo ya Ajeremani itangotha kumene. Achimwene anga a Zuze anali atabwerako ku mtengatenga, kumene ankasenza katundu wa asilikali. Anapita ali munthu wanthabwala, katswiri wopalasa bwato pa Shire. Anabwera msana uli mizeremizere ya chikoti cha kapitawo. Sitima ya pamtunda ikalira, ankagwetsa chilichonse chimene chinali m'manja. Mwana akalira pafupi, miphika inkasweka. Alamu anga anabereka khanda lawo kumsana n'kubwerera kwa makolo awo kwa Malemia, nati adzabwera mwamunayo akadzasiya kuopsa.

Sing'anga anawatema mphini. Aphunzitsi athu a Jailosi, amenenso anali mkulu wa mpingo, anawagwira mutu n'kukalipira chiwanda mpaka mawu kusasa. Achimwene anangokhala chimodzimodzi.

Pafupi ndi njanji pankakhala a Piya, munthu wa ku Siloni, chilumba cha kufupi ndi India, amene ankakonza makina a sitima. M'mawa uliwonse ankayala mkeka pansi pa mtengo wa bwemba, kupinda miyendo, kutsinzina, basi zii. Udzudzu wa ku Nsanje, umene suchitira chifundo ngakhale ng'ombe, unkawadya iwo osaupha. Anzanga ankati munthu ameneyo sangagwedezeke ngakhale ng'ona itamunyambita. Ine ndinati tione.

Ndinakapala ubweya wa chitedze kutchire, kuukulunga m'tsamba, n'kuwaza pamkeka umene a Piya ankauyanika pampanda. Kenako ndinabisala mu udzu.

A Piya anakhala. Posachedwa miyendo inayamba kutupa. Thukuta linatsika, misozi nayo. Ine ndinkangodikira kuti alumphe, koma ayi. Anapitiriza kupuma pang'onopang'ono mpaka anamaliza, anawerama mwaulemu, kenako anathamangira pathunthu la bwemba n'kuyamba kudzikhula ngati mbuzi yamphere, akukuwa m'chinenero chakwawo. Ndinaseka mpaka udzu unandiulula.

“Iwe mphale, bwera kuno,” anatero. Nawonso ankaseka.

“Kunayabwa, bambo?”

“Moto weniweni!”

“Nanga bwanji osakanda?”

“Ndimati ndione kaye ngati kuyabwa kungandilamule.”

Sindinadziwe kuti achimwene anali kumbuyo kwanga, akuchokera kumtsinje, ndipo anaona zonse. Anandigwira khutu n'kulipotokola, koma maso awo anali pa mlendoyo.

“Nanga ngati kuyabwako kuli m'kati mwa mutu?” anafunsa.

“Mubwere mawa,” anayankha a Piya. “Ndili ndi mkeka wina umene mng'ono wanu sanaukhudze.”

Anayamba kupita. Nanenso ndinkapita, kukazonda. A Piya ankati iwo amatsata mphunzitsi wakale dzina lake Buda, ndipo chimene ankaphunzitsa achimwene chinali chosavuta kunena: kumvetsera mpweya ukulowa m'mphuno, kuumvetsera ukutuluka. Mantha akabwera, osawathawa ndiponso osalimbana nawo, kungowayang'ana mpaka atatopa okha. Pomaliza ankapemphera mofunira anthu zabwino: iwe mwini, amayi ako, mkazi wako, ngakhale kapitawo amene anakukwapula.

“Ameneyo ayi,” anatero achimwene.

“Chabwino. Akhale kaye panja. Tsiku lina mudzamulowetsa.”

M'mawa wina a Piya anapota ulusi wa thonje lathu lomweli, anaimba mapemphero aatali ataugwira pamwamba pa chikho cha madzi, anawamwetsa achimwene madziwo n'kuwamanga ulusiwo pamkono. Anati mtima ukayamba kuthamanga, aziugwira n'kukumbukira kupuma. Sizinatheke msanga, koma ndinaona ndi maso anga sitima ikulira, achimwene atagwira ulusi, mtsuko uli pamutu osagwa. Uthenga unabwera kuchokera kwa Malemia kuti amalume awo a alamu adzabwera kudzaona okha.

Apa ndi pamene a Jailosi analowererapo. Lamulungu lina anawaitana achimwene kutsogolo, anakweza mkono wawo kuti mpingo wonse uone, nati, “Taonani chithumwa cha akunja m'nyumba ya Mulungu!” Anatulutsa mpeni n'kudula ulusi uja, kuuponda ndi nsapato. Anthu anang'ung'udza movomereza. Anthu omwewo amene ana awo anali ndi mikanda ya mankhwala m'chiuno, pansi pa nsalu!

Ndakalamba tsopano, koma ndikafika pamenepa ukali umandigwirabe. Munthu amene sanasenzepo bokosi la zipolopolo, amene sanaikepo mnzake m'manda a m'mbali mwa njira, anaona mwamuna akuyamba kuchira n'kuipidwa chifukwa wochiritsayo sanali iye. Kuti akawafunse a Piya, sanapite. Kuti awafunse achimwene ngati tulo tayamba kubwera, sanawafunse. Chimene ankafuna n'chakuti mpingo uone mpeni wawo. Madzulo a tsiku limenelo achimwene anaswa mitsuko yonse ya amayi, n'kukakhala m'bwato akulira ngati mwana.

Ine sindinaphunzire kufunira adani zabwino. Ndinabwerera kutchire.

A Jailosi anali ndi jekete lakuda limene ankavala pa Lamulungu, ngakhale kutentha kwa ku Nsanje kukusungunula mafuta m'thupi. M'kati mwa mlungu ankalipachika pamsomali m'kalasi. Ndinalidyetsa chitedze m'khosi, m'khwapa, m'manja monse, mosaumira. Ulaliki wa Lamulungu lotsatira unali wonena za kupirira. Anapirira mpaka pamutu woyamba. Kenako phewa linayamba kuvina, chigongono chinatsatira, ndipo pomaliza mkulu wa mpingo anavula jekete ndi malaya pamaso pa amayi a mumpingo n'kuthamangira kuchitsime. A Piya aja anamaliza pemphero lawo. Awa sanafike n'komwe pa ameni.

Sanavutike kufufuza. Nsanje yonse inkadziwa mwini chitedze.

M'mawa mwake anandigoneka pabenchi pabwalo la sukulu, ana ndi makolo atazungulira. Amalume a alamu anga anali atafika kumene, ndipo nawonso anaima pomwepo. A Jailosi anatulutsa chikoti cha chikopa cha mvuu, mtundu womwe uja wa kapitawo. Nditatembenuza mutu ndinaona achimwene akudutsa pakati pa anthu, nkhafi yopalasira bwato ili m'manja, maso ali psuu. Apo ndiye ndinachita mantha. Akanangomenya mphunzitsi, kunali kundende, ndipo mkazi ndi mwana sakanawaonanso, zonsezo chifukwa cha ine.

Chikoti chinatsika. Achimwene anakweza nkhafi. Dzanja lawo lina linafufuza pamkono, pamene panalibenso ulusi. Anaima choncho, chifuwa chikukwera n'kutsika. Kenako anaika nkhafi pansi, anakhala pafumbi pomwepo, anapinda miyendo n'kutsinzina. Chikoti chinkalira pamatako anga, iwo misozi ikutsika, koma sanadzuke.

Zitatha anatsegula maso nati, “Aphunzitsi, mwamaliza? Mukapake phulusa m'khwapamo. Limathandiza.”

Alamu anabwerera mvula isanagwe.

Ndikuzindikira tsopano kuti mankhwala sanali mu ulusi, ndipo a Jailosi anadula chinthu chimene chinali chitagwira kale ntchito yake. Mankhwala anali m'kamphindi kaja kamene munthu amaima pakati pa kuyabwa ndi kukanda. Achimwene anakapeza. Ine ndimangokaonera patali.

Za chikoticho musandimvere chisoni. Wokwapulayo ankaima pafupipafupi kuti akande, moti theka la mphamvu zake linathera pathupi pake. Ndinagona chafufumimba masiku angapo, ndikudya nsomba zimene achimwene ankandibweretsera. A Piya atabwera kudzandiona anandiuza kuti ndiyese kuwafunira zabwino a Jailosi.

“Amenewo akhale kaye panja,” ndinatero.

Akadali panja.