Momwe Mayi Lufina Anakhalira Mkulu wa Mpingo

Bambo Yoramu atamwalira mu 2013, makiyi a katchalitchi kawo ku Biriwiri anatsala m'thumba la jekete la malemuwo. Palibe anabwera kudzawatenga. Lamlungu lotsatira akazi awo, Mayi Lufina, anakatsekula okha, kusesa, n'kukhala pa benchi lakumbuyo monga kale.

Malemuwo anali mkulu wa mpingo zaka makumi awiri. Mayiwa anali mlimi wa kachewere ndi kabichi, munthu wosalankhula pagulu. Ana awo onse awiri anali ku Joni. Abusa ankachokera ku Mlangeni kamodzi pa miyezi iwiri, ndipo masabata enawo anthu ankangoyimba n'kumwazikana.

Tsiku lina kunabwera anthu asanu ndi mmodzi okha. Mayi Sheila, mnzawo wa kudimba wa Mayi Lufina, anawapatsira Baibulo.

"Tiwerengereniko inu, amake Dalitso. Enafe maso adatha."

Mayi Lufina anawerenga Salimo mododoma, mpaka kudumpha mzere wonse. Pobwerera kunyumba anati sadzayambiranso. Koma Loweruka anapezeka ali pakhonde okhaokha, akuwerenga mokweza, mawu ovuta akuwabwereza katatu.

Panapita zaka ziwiri asanayambe kuwonjezerapo mawu awoawo, ndipo si zonse ankakhoza. Mu 2017 anadzudzula mtsikana wina, Nomsa, pamaso pa mpingo chifukwa chotenga pathupi asanakwatiwe. Nomsa anatuluka akulira. Abusa atamva sanakalipe.

"Mayi, nkhani ngati imeneyo amakambira kunyumba," anatero. "Mwanayo munamuchititsa manyazi."

Nkhaniyi inawakhala Mayi Lufina pamtima miyezi inayi. Kenako anakwera chitunda kupita kwa Nomsa, atanyamula chitenje choberekera mwana. Anapepesa atagwada pabwalo. Nomsa analandira chitenjecho, koma anati tsopano akupemphera kwina. Mpaka lero sanabwerere.

Kuchokera pamenepo Mayi Lufina anayamba kuyenda m'makomo. Ankafika, kukhala pamphasa, kumvetsera nthawi yaitali asanayankhe. Bambo Aleck, a m'mudzimo, atakangana ndi mlamu wawo za madzi a m'ngalande m'mwezi wa Okutobala, mpaka kusiya kupatsana moni, mayiwa anapita kwa aliyense payekha kangapo. Mapeto ake anagwirizana kuti wina azithirira m'mawa, wina masana. Anthu anayamba kuwaitana pa matenda, pa maliro, ngakhale pa milandu ya m'banja. Chilichonse chimene ankamva ankachisunga, ndipo kunyumba kunalibe woti n'kumuuzako. Ankangochitula kwa Mulungu popemphera.

Mu 2022 mpingo, umene tsopano unkadzaza mabenchi onse, unawasankha kukhala mkulu. Iwo anakana kawiri.

"Sindinaphunzire ine, abusa. Sukulu ndinalekezera sitandade 5."

"Mwakhala mukugwira ntchitoyi zaka zonsezi, mayi," anatero abusa. "Ife tangochedwa kuitchula dzina."

Anavomera. Chimene sanayembekezere chinali cha kudimba. Kale akafika, amayi ankapitiriza nkhani zawo, kuseka, kuwagemula kuti mizere yawo ndi yokhota. Tsopano akangotulukira ndi khasu, macheza ankaduka, aliyense n'kuwerama pa ntchito.

Tsiku lina anatsala awiri ndi Mayi Sheila, akutsuka kachewere woti apite ku Lizulu.

"Amzanga, bwanji masiku ano simundiuza nkhani? Ndine yemwe uja."

Mayi Sheila anapukuta manja pachitenje. "Ndinu omwewo, inde. Koma tikakuonani timakumbukira zimene tinakuululirani. Timachita manyazi."

 Anathandizana kumanga matumba, kenako Mayi Lufina anapita kunyumba kukasamba. Kuseri kwa phiri kunali gogo wina wodwala amene anatumiza uthenga kuti akufuna pemphero. Anatenga Baibulo ndi ambulera, popeza kumwamba kunali kutayamba kuda, n'kuuyamba ulendo okha.