Dzanja la a Tien-fu ndi mafuta a mmawa

Mlamu wanga, a Chuang Tien-fu, anatsala ndi chinthu chimodzi chokha pa moyo wawo. Mkazi wawo, mkulu wanga uja, anamwalira, takisi anagulitsa, ana ali ku Taipei ndipo foni amaimba akakumbukira. Chinatsala ndi bolingi ya Lachitatu mmawa, masewera ogwetsa mabotolo ndi mpira, mu timu yathu ya nkhalamba zinayi kuno ku Chiayi. Masiku enawo ankangowakankha kuti adutse.

Iwo anali a mbale youluka, kaponyedwe kathu kakale kaja. Umatenga mpira wopepuka, n'kupotoza dzanja kuti uzipita ukuzungulira ngati nguli mpaka ukafike pa mabotolo. Tinakaphunzira nthawi yomwe misewu yogubuduzapo mpira inali ya matabwa otha, mafuta akupakidwa mwachisawawa, apa ochuluka, apo palibe. Mpira wozungulira choncho mafuta suwamva. Msewu uume, uterere, kwa iwo zinali chimodzimodzi. Anzathu akamawerama kusuzumira pansi, iwo ankaseka: "Mafuta ndi okazingira nsomba, akuluakulu. Ponyani tizipita!"

Koma dzanja si chitsulo. Chaka chatha linayamba kutupa pamfundo, ndipo dokotala anawauza mosapsatira kuti akapitiriza kulipotoza adzalephera ngakhale kutsegula chitseko. Ine ndinati, "Alamu, ingosiyani, muzibwera kudzatithirira tiyi." Anandiyang'ana ngati ndawatukwana.

Anakagula mpira watsopano wolemera, wa masiku ano uja, umene umapita molunjika n'kukakhota wokha chakumapeto. Mpira umenewu ndi wamwano. Pa mafuta ambiri umangoterereka osakhota. Pouma umagwira pansi n'kukhota nthawi isanakwane. Komanso masewera ali m'kati mafutawo amasuntha, ndiye pomwe unaponya bwino poyamba, ukaponyanso pomwepo uchita manyazi. Munthu wa imvi mutu wonse, amene sanayang'anepo pansi chibadwire, ayambe lero kuwerenga mafuta osaoneka ndi maso? Aaa, kaya.

Mkulu wa timu, a Liao, sanabise. Mpikisano wa achikulire ku Tainan unali pafupi, ndipo panali munthu wina, a Tseng, amene ankafuna malo mu timu yathu.

"A Chuang, ndinu m'bale wathu, koma timu si chipatala," anatero a Liao. "Kumapeto kwa mwezi muponyerane ndi a Tseng, tione."

Mlamu wanga anayamba kupita tsiku ndi tsiku. Koma ankapita masana, akadzuka ku tulo tawo ta pambuyo pa nkhomaliro, magulu a mmawa atapukuta kale mafuta ndi mipira yawo. Pa msewu wouma choncho mpira unkakhota ngati ukumva mawu awo. Ankabwera kwathu chifuwa chili patsogolo. Ndinawauza, Mulungu mboni ndinawauza, kuti makina amapaka mafuta mmawa, ndiye akayeserenso mmawa.

"Alamu, nyumba ndi yomweyo, msewu ndi womwewo," anatero. "Mwayamba liti kundiphunzitsa ine?"

Makani a munthu ameneyu, mkulu wanga anafa nawo ali pakhosi.

Tsiku la kuponyerana lija, mmawa, msewu unali waliwali ndi mafuta ngati chiwaya. Mpira woyamba wa mlamu wanga unadutsa chowongoka n'kukagwetsa timabotolo ta m'mphepete. Wachiwiri sunaganize n'komwe zokhota, unakathera mu ngalande ya m'mbali mwa msewu.

"Mwabwera kudzatsuka ngalande lero, madala?" anafunsa a Tseng, mano onse pamtunda.

Mlamu wanga anasunthira kumanja, anasunthira kumanzere, anachepetsa liwiro, anapukuta mpira ndi kansalu. Palibe chinathandiza. Ndinawaona ataima akuyang'ana pansi, kufunafuna chinthu chomwe sankadziwa maonekedwe ake. Zinandiwawa, sindinama.

Kenako anatsegula chikwama n'kutulutsa mpira wakale uja.

"Alamu, musatero! Mwaiwala za dokotala?"

"Khalani pansi inu."

Anaupotoza. Unapita ukuvina, mabotolo onse balala! Anaponyanso, onse pansi. A Tseng kuseka kunatha, a Liao mpaka anaimirira. Kwa kanthawi ndinayamba kukhulupirira nanenso, chitsiru ine. Ulendo wotsatira mpira unawapulumuka m'manja asanafike pamzere, n'kugunda pansi kuti gu! Sanakuwe. Anangogwira dzanjalo n'kukhala pampando, nkhope ili mbuu. Kuchipatala analimanga, ndipo dokotala anati za mpira aiwale, wolemera kaya wopepuka.

Patapita masiku a Liao anabwera kudzawazonda, atanyamula bokosi la maapulo. Anatipeza ndikuwaikira phala la mpunga, iwo akulimbana ndi sipuni ku dzanja lamanzere, atavala malaya ofiira a timu, ngakhale kunalibe komwe ankapita. Anacheza za mvula, za mawondo, za mwana wa a Liao amene akukwatira. A Liao anaimirira, anakhalanso, anatsokomola.

"A Chuang, pepani zedi. Osoka akuti malaya atsopano sangathe mpikisano usanafike. Ndiye poti inu ndi a Tseng msinkhu ndi umodzi..."

Ine magazi anandikwera kumutu. Ndinati ndilalate, koma mlamu wanga anandiletsa ndi maso.

"Palibe vuto," anatero. "Ndi a timu."

Anayamba kumasula mabatani ndi dzanja lamanzere. Loyamba linawavuta, lachiwiri linakana. A Liao anayang'ana kuwindo. Mlamu wanga anayesa, anayesanso, kenako anatembenukira kwa ine.

"Alamu, tandivulani."

Ndinawavula.