Ana Anayi pa Kiyibodi ya Anatayipi

Kukamacha, Anatayipi amayamba ndi kuviika dzanja lamanja m'madzi ofunda. Amakhala kukhitchini, dzanja m'beseni, maso ali chitsekere, akupemphera chamumtima mpaka madziwo atazirala. Kenako amavala juzi, n'kutenga ambulera ngakhale kunja kulibe mtambo, ulendo wapansi wa ku kashopu kotayipa ndi kusindikiza komwe akhala akugwira ntchito kuyambira imvi zisanatuluke. Dzina lawo lenileni anthu analiiwala kalekale.

Dzanjalo lili ndi nyamakazi. Kutayipa limalola, koma kugwira mausi, kukoka ndi kudina, limakana. Chaka china linatupa kwambiri, ntchito n'kumachedwa, mpaka abwana anayamba kulankhula mozungulira.

"Mayi, kupuma si tchimo ayi."

"Ndamva, bwana."

Madzulo ake chakudya sichinalowe. Chimwalirireni amuna awo, shopuyo ndiye kunali kwawo kwa masana. Maukwati, maliro, achinyamata ofuna ntchito, zonse zinkadutsa m'zala zawo. Kunyumba akanamacheza ndi ndani, makoma?

Loweruka kunabwera mkamwini wawo, wokonza makompyuta, n'kukhala pambali pawo.

"Amayi, mausiyu musiyeni. Chilichonse chimene mumakachifuna ndi mausi m'mwamba mwa sikirinimu tikhoza kuchiika pa batani limodzi. Batanilo musankha nokha."

"Ndisankhe ine? Ndiye imva kompyutayi?"

"Imamva kuposa mwana wanu amene munandipatsa uja."

"Ndikamuuza zimenezo."

"Pepani amayi, ndabweza mawu."

Anatayipi anayang'ana mzere wa mabatani wapamwamba, kumanzere komwe dzanja labwino limafika mosavuta. Anaona F1, F2, F3 ndi F4 atandandalikana ngati ana pa benchi ya kutchalitchi, ndipo iwo ana ali nawo anayi. F1 anamupatsa ntchito yotsegula tsamba latsopano, poti woyamba kubadwa ndiye anatsegula njira. F2 anakhala wosunga ntchito, chifukwa wachiwiri, mkazi wa mkamwiniyo, sataya ngakhale botolo lopanda chivundikiro. Wachitatu anabadwa akulira ndipo mpaka lero salankhula chapansipansi, choncho F3 anamutuma ku pulinta. Mzime anatenga F4, wofufuta cholakwa n'kubwerera m'mbuyo, poti iye uja chilichonse angachite amakhululukidwa.

Mkamwini anaseka mpaka kupukuta misozi. Koma mabataniwo Anatayipi sanawasokonezepo ngakhale tsiku limodzi. Mayi angaiwale ana ake?

Ntchito inayambanso kuthamanga. Makasitomala ankawamva akunong'ona kuti, "Sunga, mwanawe," kapena, "Iwe mzime, takonza apa," n'kumatembenuka kufuna mwanayo.

Tsiku lina Anatayipi anapita kuchipatala, ndipo pampando pawo panakhala asisi a fotokope. Asisiwo ankafuna kupeza dzina la mkwati m'pulogalamu ya ukwati, ndiye anadina F3 monga anazolowera pa makompyuta ena. Kabokosi kofufuzira sikanatuluke. Anadinanso, n'kudinanso, kenako n'kuyamba kulimenya batanilo. Anatayipi pobwera anapeza pulinta ikulavula mapepala mpaka pansi, asisi atagwira m'mutu.

"Amayi, kompyuta yanuyi ili ndi ziwanda!"

"Ziwanda ayi, mwangondidzutsira wachitatu. Ameneyo akayamba sasiya."

"Nanga muzilemba kuti pano pali ana!"

Abwana anatuluka mu ofesi nkhope ili gwa, koma atamva nkhani yonse anakhala pa katoni ya mapepala n'kumaseka. Akwati tsiku limenelo analandira mapulogalamu okwanira ngakhale odutsa m'njira. Za kupuma zija abwana sanazitchulenso.

Panopa mkamwini anasamukira kutali ndi banja lake, ndipo kompyuta ija yakalamba. M'mawa imayamba yatsokomola kaye isanayake. Anatayipi amaisisita pamwamba, n'kuiuza kuti, "Limba, mnzanga, tonse ndife akale." Chimene chimawadetsa nkhawa n'chakuti yatsopano idzabwera yosawadziwa anawo, ndipo popanda iwo dzanja lidzabwerera pa mausi.

Mwezi wina Anatayipi anawaimitsa abwana pakhomo.

"Bwana, tsiku limene mudzagule ina, chonde ana angawa adzasamukire komweko. Asadzatsale muno."

Nthawi yomweyo foni ya abwana inalira. Anakweza dzanja kuti adikire, n'kutuluka panja akulankhula. Mpaka lero sanawayankhe.