Kabotolo ka Amake Fatsani

Ndikukumbukira chaka chimene ndinalemba mayeso a Fomu 2, chaka chimene ndinatsala pang'ono kuona nyanja yamchere. Kwathu ndi ku Lisasadzi, kumene nthawi yachisanu chilichonse chimanunkha fodya: zovala, tsitsi, ngakhale mabanzi a pagolosale. Bambo anga ankalima fodya pamunda wathu waung'ono. Kutsidya kwa dambo kunali esiteti yaikulu imene inkalimidwa ndi matenanti ochokera kumwera.

Azakhali anga aNaphiri, mlongo wawo wa bambo, ankakhala pa Boma. Anali ndi benchi mumsika pamene ankagulitsa zitenje ndi nsapato, ndipo katunduyo ankakaoda okha ku Dar es Salaam. Chaka chimenecho anabwera kudzatithandiza kusankha fodya. Tsiku lina tili m'chigafa, fumbi la fodya likutiyetsemulitsa, anandiyang'ana n'kunena kuti, "Iwe Tadala, mabukuwa akuumitsa ngati tsamba la pansi. Ukamaliza mayeso, tchuthi chachikulu ndikutenga ku Dar. Sabata imodzi yokha, ukaone dziko."

Kuyambira tsiku limenelo chigafa chinasanduka bwalo lokonzera ulendo. Azakhali ankatenga ndindi za fodya, timitolo tija timamanga tikatha kusankha, n'kuziyala pamkeka. Ndindi iliyonse inali tsiku. Mulu wina unali wa mumzinda, wina wa kunyanja. Ine mtima wanga unali mumzinda. Ndinkafuna kukwera chikepe m'nyumba yosanjikizana, kuona masitepe oyenda okha, ndiponso kuima pachipata cha yunivesite kuti ndingoona mmene atsikana ophunzira amayendera. Azakhali ankakana.

"Tauni ndi tauni, mwana wa achimwene. Dar ndi Lilongwe wonenepa chabe. Koma nyanja ija! Mchenga wake woyera ngati ufa, madzi ake ofunda, ukagona chagada amakunyamula okha. Umamwa kokonati mapazi ali m'madzi."

Akayang'ana kumbali ndinkaba ndindi imodzi pamulu wa kunyanja n'kuika pa wa mumzinda. Iwo ankaibweza. Tinkakangana kwenikweni, mpaka bambo anakalipa: "Fodya wanga mwamusandutsa bawo? Ulendo wa pakamwa sufuna mafuta, koma mabelo awa akufuna manja." Pomaliza tinagwirizana kuti m'mawa uliwonse tizizungulira mumzinda kusanatenthe, masana tizithawira kunyanja, ndipo tsiku lomaliza lonse likhale la mchenga. Madzulo ndinkalemba zonsezi m'kope langa la tsiku ndi tsiku, mpaka mtundu wa diresi limene ndidzavale.

Pamudzi nkhani siigona m'nyumba imodzi. Pasanathe sabata aliyense anali atamva kuti mwana wa aPhiri akupita kunyanja yamchere. Kwathu anthu amakhulupirira kuti madzi a nyanja imeneyo ndi mankhwala: amachotsa tsoka pakhomo, amapoletsa zilonda, ena amati ukawaza pang'ono pa nazale fodya amadzagulidwa bwino. Motero mabotolo anayamba kubwera. A sobo, a mafuta ophikira, ena a mankhwala a chifuwa. Aliyense ankamanga kansalu kake pakhosi pa botolo kuti lisasokonezeke. Amayi anandipatsa thumba lopanda kanthu la feteleza wa makuponi, lija tinagawana ndi banja loyandikana nalo, kuti ndiziikamo. Ndikalisuntha linkalira ngati belu la tchalitchi, ndipo ndinkadzimva munthu wofunika.

Womaliza kubwera anali mayi wina wa ku esiteti, amene tonse tinkangowatchula kuti amake Fatsani. Kwawo kunali ku Phalombe. Tinkakumana pamjigo, iwo ali phee kumapeto kwa mzere monga ankachitira matenanti onse. Tsiku limenelo anafika pakhomo atabereka Fatsani, mwana wazaka ngati zinayi, wamkulu kale moti sankayeneranso kuberekedwa. Anamutsitsa n'kumasula kansanza kamene kanali pamwendo. Chilonda chinayambira pamene anadzicheka ndi waya wa pachigafa, koma tsopano chinali chitadya mnofu, m'mbali mwake mutada. Fungo lake linandifika ndili chiimire.

"Kuchipatala chaching'ono anati tipite naye pa Boma," anatero motsitsa mawu. "Koma bambo ake akuti nthawi yomanga mabelo munthu sachoka, akapitawo a pa esiteti angatidule malipiro. Ndiye ndamva kuti mukupita kumadzi aja."

Anatulutsa kabotolo kakang'ono ka gilisalini, kotsukidwa bwino, komangidwa kaulusi kofiira.

"Sindikufuna ambiri, mwanawe. Ongotsukira."

Amayi anga anawauza kuti asadikire, apite ndithu pa Boma. Iwo anavomera ndi mutu, koma maso awo anali pa ine. Ndinalandira kabotoloko ndi manja awiri.

Kenako msika wa fodya unatipandukira. Mabelo ambiri a m'dera lathu anabwezedwa ku okushoni, ndipo amene anagulidwa anapita pamtengo wongotaya. Bambo anasiya kuyankhula pa chakudya. Pa Boma azimayi ankangogwira zitenje za azakhali, kuzitambasula, n'kuzibwezera. Sukulu itatsekedwa, azakhali anabwera pa kabaza. Sanalowe n'komwe m'nyumba.

"Tadala, chaka chino zavuta. Ndalama yakwana mpando umodzi wokha m'basi. Chaka chamawa, Mulungu akalola."

Sindinalire pamaso pawo. Ndinangolowa m'nyumba n'kutulutsa thumba la mabotolo lija. Analiyang'ana nthawi yaitali, kenako analimanga pakaliyala.

Masiku amene azakhali anali paulendo anali aatali. M'mawa ndinkati, pano tikanakhala tili m'chikepe. Masana ndikusenza madzi ndinkati, pano tikanakhala pamchenga. Pamjigo amake Fatsani ankandifunsa ndi maso okha, ine n'kupukusa mutu. Fatsani sankabweranso naye. Ankati akulemera, koma mnansi wawo anandiuza kuti thupi linkatentha ndipo mwendo unatupa mpaka m'bondo.

Titamva kuti azakhali abwera, amayi anandituma kukatenga mabotolo. Ndinakwera minibasi m'mawa. Pabenchi pawo sindinawapeze, ndiye ndinapita kunyumba imene ankachita lendi. Chitseko chinali chotseka, koma kuseri kunkamveka kulira kwa mabotolo. Nditazungulira ndinawapeza atakhala pa kampando, ndowa ya madzi a pampopi pakati pa miyendo, paketi ya mchere ili chotsegula pambali. Ankavundula ndi mthiko. Mabotolo ena anali atadzaza kale, ataima pamzere, lililonse ndi kansalu kake.

Anadzidzimuka, kenako anaseka kuseka kopanda mphamvu.

"Wabwera msanga. Tenga fanulo iyo undithandize. Mchere ndi mchere, mwana wa achimwene."

"Azakhali, kunyanja simunapite?"

Anapitiriza kuvundula. Atayankha, sanandiyang'ane.

"Ukudziwa mmene timayendera ife? Basi imafika miyendo itatupa. Umathamangira ku Kariakoo, kumsika kooda katundu, kukankhana ndi anthu mpaka kumada. Umagona pamwamba pa katundu wako kuopa akuba. Kukacha umathamangira basi yobwerera. Zaka zonsezi nyanja ndinaionapo kamodzi, pawindo, pakati pa nyumba ziwiri. Kachidutswa ngati mpango."

"Nanga mchenga woyera uja? Kokonati?"

"Pali kalendala m'sitolo imene ndimaodamo nsapato." Anapukuta manja pachitenje. "Ndinkati ndikapita ndi iwe ndidzakhala ndi chifukwa. Munthu wamkulu sangawononge tsiku kukaponda madzi, anzake angamuseke. Koma ukakhala ndi mwana, umati ndikuonetsa mwana."

Pamenepo ndinamvetsa chifukwa chimene ankabwezera ndindi zija pamulu wa kunyanja. Ndinafuna kukwiya, koma mkwiyo sunabwere. Ndinagwira fanulo, iwo n'kumathira.

Mabotolo enawo sanandivutitse mtima kwambiri. Madzi owaza pakhomo sapha munthu. Koma ndili m'minibasi, kabotolo ka ulusi wofiira ndinakafumbata m'manja, ndipo mwendo wa Fatsani sunkachoka m'maso mwanga. Ndinadziwa kuti ndikakapereka, amake adzatsuka chilonda n'kudikiranso sabata ina kuti madziwo agwire ntchito. Nditatsika pa siteji ndinatsegula n'kukhuthulira m'fumbi.

Amake Fatsani ndinawapeza atakhala pakhomo pa kanyumba kawo kaudzu, Fatsani atagona pathumba, ntchentche zikumuzungulira. Atandiona anaimirira n'kuyamba kuwomba m'manja. Ndinagwada, n'kuwapatsa kabotolo kopanda kanthu. Ndinawauza kuti azakhali sanafike kunyanja, kuti madzi kulibe ndipo sabwera.

Anakatembenuza, n'kukayang'ana kudzuwa ngati mwina mwatsala dontho.

"Anzathu kumudzi kwanu alandira?"

Sindinathe kunama. Ndinawauza za ndowa ndi paketi ya mchere.

Anakhala pansi pang'onopang'ono. "Ukanangondipatsa, mwanawe," anatero. "Bwenzi lero nditagonako tulo."

Mawu amenewo anandilasa kuposa kutukwana. Ndinayamba kufotokoza za chipatala, za majeremusi amene tinaphunzira kusukulu, koma mawu anga ankamveka opepuka ngati mankhusu. Ndikutsanzika anandibwezera kabotolo kaja.

"Sunga. Iwe ndi wasukulu, udzapita ndithu. Ukadzapita udzatitungireko."

M'mawa mwake amayi anga anatenga njinga ya bambo, osapempha, n'kupita ku esiteti. Anakangana ndi bambo a Fatsani mpaka anthu anatuluka m'nyumba, ndipo pomaliza mwana anakwezedwa. Pa Boma anamugoneka. Amayi atabwera anangoti, "Akuti tachedwa naye, koma ayesa." Fatsani asanatuluke m'chipatala, nyengo ya fodya inatha ndipo mwini esiteti anachotsa matenanti a chaka chimenecho. Lole inabwera, inanyamula mabanja ndi mitolo yawo. Tinamva kuti bambo a Fatsani anadzera kuchipatala kukatenga mkazi ndi mwana, chifukwa akanatsala analibe kolowera. Amayi atapitanso ndi phala anapeza pabedi pali munthu wina.

Sindinamvenso za iwo. Sindikudziwa ngati Fatsani anachira, ngati anadulidwa mwendo, kapena ngati anafika n'komwe ku Phalombe. Dzina la bambo ake sitinkalidziwa. Matenanti tinkawadziwa ndi mayina a ana awo basi.

Chaka chamawa chija sichinafike. Azakhali anadwala miyendo, anasiya za ku Dar, ndipo anamwalira asanapondepo madzi aja. Ine ndinamaliza sukulu, pano ndimaphunzitsa ana pa sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Kaomba. Pa yunivesite sindinafike, ngakhale pachipata.

Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti phunziro la nkhaniyi ndi lakuti bodza ndi loipa. Tsopano ndikuona kuti silinali lophweka chotero. Azakhali sanandinamize kuti andipweteke. Anali munthu wotopa amene ankafuna tsiku limodzi lopuma, ndipo analibe njira ina yolipemphera. Chimene ndinaphunzira n'chakuti pakati pa anthu osowa pogwira, ulendo wokambidwa mokweza sukhalanso wako wekha. Ife tinkaseweretsa ndindi pamkeka, kukangana za chikepe ndi kokonati, pamene kutsidya kwa dambo munthu anali atatsamira moyo wa mwana wake pa masewera athuwo. Ngati ndinachita bwino kukhuthula madzi aja, mutu wanga umati inde. Koma mawu aja akuti bwenzi nditagonako tulo sanandichoke.

Kabotolo ndikadali nako. Kali pawindo la kuchipinda, ulusi wake unasuluka n'kukhala wotuwa. Chaka chilichonse tchuthi chachikulu chikayandikira ndimayambanso kuwerengera za ulendo wa ku Dar, mwakachetechete, osauza munthu. Za mumzinda sindikanganiranso. Ndikadzafika, m'mawa woyamba ndidzafunsa njira ya kunyanja, ndikaponde madzi m'malo mwa azakhali, kenako ndikatunge. Ndikudziwa kuti ndilibe woti ndidzamupatse. Koma amake Fatsani anandituma, ndipo ndinalandira ndi manja awiri.