Mawilo Opepuka a Mlamu Wanga

"Pa Nkhotakota palibe angandipose kunenerera mtengo," ndinkadzitama choncho. Matipate itangoyamba, mlamu wanga Yusufu anandituma mawilo opepuka koma olimba, a mpikisano wa njinga wopita ku Chia.

Kwa Che Saidi, ogulitsa zipangizo za njinga, ndinapeza abwino, koma pofuna kutsitsa mtengo ndinanama kuti ndi okhota.

"Ayi bwana, musagule okhota," anatero, n'kuwabweza m'nyumba. "Tengani awa otchipa."

Anali opepukadi, masipokosi owerengeka. Kubweza mawu kunandichititsa manyazi, ndinangotenga.

Tsiku la mpikisano ndinaima pamseu n'kuona Yusufu akudutsa, wilo lakumbuyo la njinga yake likuvina ngati lichero. Pamapeto pake anafika akukankha njinga, bondo likuchucha magazi.

"Alamu, panalibe abwino kuposa awa?"

"Panalibe," ndinatero.

Mtengo ndinatsitsadi. Koma inu mukuti anapambana ndani, ine kapena Che Saidi?