Bokosi la Mlongo Wanga

Dandaulo langa loyamba pa nkhaniyi ndinalilemba mwezi wa Januwale, chaka chimene ndinayamba ukalaliki ku mgodi. Kope yake ndili nayo, pamodzi ndi makope a madandaulo onse amene ndakhala ndikutumiza kwa phungu aliyense wa dera lathu. Pamwamba pa mapepalawo pamakhala khadi ya chipani ya amayi, yothimbirira, yothyoka pakati chifukwa ankaimangirira pansonga ya chitenje. Ndimaiika pamwamba dala, kuti wina asadzanene kuti tinali a mbali yogonja. Amayi anavotera munthu amene anapambana.

Pamene nkhaniyi inkachitika ndinali mwana wa ku pulayimale. Atate anali atamwalira pa ngozi ya pansi pa mgodi, ndipo nyumba ya kampani anatitulutsamo. Tinkakhala ku komboni ya Chimwemwe kwa amalume, kalipentala wa mipando ndi zitseko: ineyo, amayi, ndi mlongo wanga amene anali atangoyamba kuyenda chogwirira makoma.

Inali nyengo ya mvula. Ndimakumbukira matope ofiira omata kumapazi, ntchentche pa makoko a mango, ndi senta, utsi wa ku ng'anjo za mgodi umene unkakanda kukhosi mphepo ikatembenuka. Chikuku chinalowa m'komboni nyengo yomweyo ya misonkhano ya chisankho. Mlongo wanga anayamba ndi maso ofiira, kenako chifuwa. Tsiku lovota amayi anamubereka ali wotentha thupi, n'kukaima naye pamzere, chifukwa a chipani ankazungulira nyumba ndi nyumba kuona amene watsala.

Anamwalira m'mawa wa tsiku limene wailesi inayamba kulengeza zotsatira.

Aphunzitsi athu ankakhala nyumba yoyandikana nafe, ndipo ndiwo anali ndi wailesi. Amayi atangotulutsa mfuu yoyamba, iwo analowa osaodira, wailesiyo ili m'manja. Anati dera lathu alengeza, wa chipani chathu wadutsa, ndipo anyamata ayamba kale kuthyola nthambi kumsika. Mawu awo ndimawamvabe: "Mayi, pepani, koma musalire mokweza. Lero nyumba yomveka kulira aiyesa ya ogonja."

Sananame. Tinali titaona mawindo akuswedwa chifukwa cha zinthu zochepa kuposa apo. Choncho maliro a mlongo wanga anakhala a kachetechete. Azimayi a kutchalitchi anabwera mmodzimmodzi kudzera kuseri, n'kukhala pansi m'chipinda, nsonga za zitenje zili m'kamwa. Sanaimbe nyimbo. Moto wa maliro sitinakoleze panja. Ndakalamba, ndakhala pa maliro ambiri, koma sindinamvenso phokoso loipa ngati la anthu olira ndi mphuno zokha.

Matabwa amalume analibe, ndipo masitolo anali otseka. Anazula chitseko cha chipinda chawo n'kuyamba kuchicheka. Ine anandipatsa ntchito yowongola misomali yakale pamwala. Anapala matabwawo mpaka anayera, fungo la paini linadzaza bwalo, ndipo mkati anayalamo kansalu koyera ka ubatizo. Atapaka vanishi analiika bokosilo pa benchi pakhomo kuti liume. Linali lalifupi, loti munthu wamkulu n'kulinyamula m'khwapa.

Amene sanakhaleko kuno mwina sadziwa mwambo wake. Phungu akapambana, omutsatira amachita maliro a wogonja: amanyamula bokosi, kulilemba dzina, kuzungulira nalo komboni akuimba ndi kuvina. Masana amenewo gulu linatulukira mumsewu mwathu ndi nthambi, malikhweru ndi zitini, koma bokosi linalibe. Ndiye analiona lathu likunyezimira pa benchi.

Amalume anaimirira patsogolo pake, manja atatambasula. Anati m'nyumba muno muli mwana wakufa, lowani mukaone. Ananena m'Chinyanja, anabwereza m'Chibemba. Wina anayankha kuti, "Mudala, lero wafa ndi mmodzi yekha," ndipo gulu lonse linaseka. Anawakankhira m'ngalande. Ena mwa anyamatawo anali a mumsewu mwathu momwe, ana a anthu amene tinkapemphera nawo. Zimenezi ndazilemba m'dandaulo lililonse, ndipo sindidzazichotsa.

Pamenepo amayi anatuluka. Nkhope anali atapukuta. Anayang'ana bokosi likuyandama pamwamba pa mitu ya anthu, anakweza dzanja kukamwa, n'kuimba nthungululu.

Analowa m'gulumo ndipo ine ndinawatsatira, nditagwira chitenje chawo. Anadzipanikiza mpaka anafika pambali pa bokosi, anaikapo dzanja, osalichotsanso. Anthu akaimba, iwonso ankaimba. Akalumpha, ankalumpha. Vanishi anali asanaume, ndipo zala zawo zinkamatirira. Wina analemba dzina la wogonja ndi makala pachivundikiro chimene amalume anapala m'mawa. Tinazungulira komboni yonse mvula ikuwaza. Kumsika phungu watsopano anali ataima pa lole, akugwedeza manja onse awiri, ndipo bokosi litadutsa pansi pake analiloza n'kuwomba m'manja.

Tcheyamani wa nthambi yathu ya chipani ankawadziwa amayi bwino. Ndinawamva akumupempha kukhutu, kawiri kapena katatu, akumwetulira: "A tcheyamani, mukathana nalo mundibwezere. Ngakhale lodetsedwa, ndikatsuka." Iye ankangoti, "Inde, ba mayo, inde," maso ali kwina.

Ulendo unathera pageti pa nyumba ya wogonja. Analiika pansi, n'kulitsegula kuti aonetse anthu kuti mulibe kanthu, ndipo kansalu kaja anakakweza pandodo ngati mbendera. Kenako wina anabwera ndi botolo la parafini. Amayi anagwada m'matope n'kulikumbatira. Anawakoka miyendo akuseka, poganiza kuti ndi sewero la mkazi wamasiye, ndipo ena anawaombera m'manja kuti akuchita bwino. Paini wopaka vanishi sachedwa kupsa.

Mawa lake tinamuika mlongo wanga atakulungidwa mumphasa. Amalume anamunyamula m'manja mpaka kumanda, aphunzitsi akuwerenga pemphero chonong'ona.

Zipani zasinthana kangapo kuchokera nthawi imeneyo, ndipo yankho limene ndinalandirapo linali lakuti nkhaniyo ndi ya boma lakale. Koma pa zisankho zapitazi bokosi linadutsanso pakhomo panga, lonyamulidwa ndi ana amene agogo awo ndimawadziwa. Palibe anafunsa kumene alitenga.

Kwa milungu yambiri pambuyo pa maliro sindinkafuna kuti amayi andikhudze. Ankandiitana, ine n'kuthawira kwa amalume. M'mutu mwanga munali chinthu chimodzi: mwana wawo ali gone m'nyumba, iwo anaimba nthungululu ndi kuvina pamsewu. Sindinkadziwa kuti tsiku limenelo panalibe njira ina yoti mayi ayendere pafupi ndi bokosi la mwana wake.

Choncho ndikupempha mwaulemu olemekezeka phungu wa dera lino, wa chipani chilichonse chimene ali, kuti andiyankhe polemba: ndani adzapepese chifukwa cha bokosi limenelo, ndipo mwambo umenewu udzaletsedwa liti. Amayi anapita osamva yankho. Ine ndikadali moyo, ndipo ndikudikira.